Madona Awiri, Uvuni Umodzi

Lolemba, 29 Seputembala

M'mawa. Afika! Mayi ake a bwana, kuchokera ku Sweden. Kwa madamu ndi apongozi, ndiye nanenso mumtima ndikungowatcha Apongozi, ngati kuti mwanayo anaberekera ine. Atali ngati mtengo wa bulugamu, tsitsi loyera lometa mwachisilikali. Moni wawo ndi kugwedeza mutu kamodzi. Alowa m'khitchini, ayendetsa chala pamwamba pa furiji, ayang'ana chalacho, kenako ayang'ana ine. Osanena kanthu. Bola akananena!

Pa kadzutsa alengeza. Loweruka likubwerali, pa 4 Okotobala, kwawo ndi tsiku la mabanzi a sinamoni. Tsiku lenileni, dziko lonse kudya mabanzi. Ife kwathu tili ndi tsiku la ufulu, la amayi, la ofera dziko. Iwo ali ndi la mabanzi. Ndiye akufuna lichitikire muno, ku Jumeirah, mu Dubai momwemuno, aitane aneba ndi anzawo a bwana a kuntchito. Vuto ndi loti manja awo ali ndi nyamakazi, sangakande mtanda. "Ine ndizinena, uyu azikanda." Uyuyo ndine.

Masana. Madamu andipeza m'chipinda chochapira, atseka chitseko. Madamu ndi a ku America. Akunong'ona: "M'nyumba muno mabanzi a sinamoni timapanga achikwathu. Aakulu, ofewa, a ayisingi pamwamba. Osati timiyala tawo touma tija. Wamva?" Ndamva. Atagwira kale chitseko atembenuka: "Za kontrakiti yako tidzakambirana Loweruka likadutsa."

Kontrakiti! Kontrakiti ikutha mu Novembala, ndipo viza yanga yamangiriridwa pomwepo. Ku Ntcheu mwana wanga Chisomo ali Folomu 3, nyumba yafika pa mawindo, denga kulibe. Zonsezi zatsamira pa banzi!

Pulani:
1. Kuphunzira mabanzi a Apongozi pamaso pa Apongozi.
2. Kuphunzira a madamu Apongozi akachoka.
3. Loweruka kuphika mitundu yonse iwiri. Aliyense aone wake, ine ndione viza.
4. Pakamwa kutseka. "Yes madam" kumanja, "yes madam" kumanzere.

Madzulo. Ndikukwecha khitchini yonse kuti chala chija mawa chibwerere chopanda kanthu. Makina otsukira mbale akuyaka kanyali kofiira, kutanthauza kuti mchere wake watha, poti makina amenewa amathiridwa mchere wawowawo. Mwamwayi pa shelefu pali paketi yatsopano ya mchere wamiyala, woyera mbee, zolemba zake za chilankhulo chachilendo, zilembo zina zili ndi timadontho pamutu. Ndathira wonse m'makinamo, paketi ndataya m'bini. Munthu uzidziwa ntchito osadikira kuuzidwa.

Lachiwiri, 30 Seputembala

M'mawa. Phunziro loyamba. Apongozi akhala pa mpando wautali, magalasi pamphuno. Ine ndaima ndi beseni. Chilichonse pa sikelo. Fulawa pa sikelo. Batala pa sikelo. Mkaka akuupima kutentha ndi kachitsulo ngati mwana wodwala malungo. Ine amene mandasi ndimayeza ndi maso! Mu mtandamo athiramonso kadamamu, tinjere tonunkhira timene Aarabu amaika mu khofi. Akuti popanda timeneti si banzi, ndi buledi wachabe.

Ine kukanda, iwo kuphunzitsa. Akuti mabanziwa anayamba kwawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Nthawi ya nkhondo fulawa, shuga ndi batala zinkasowa. Zitayamba kupezekanso, ophika buledi anayamba kupinda mtanda ndi sinamoni m'kati. Poyamba ankadya ndi opeza bwino okha. Anthu wamba anadzayamba kuphika m'makomo patapita zaka, zinthu zitatsika mtengo. Mayi awo ankaphika, agogo awo ankangonunkhiza pa windo la bekale. "Ndiye ukamakanda, uzikanda mwaulemu."

Kukanda mwaulemu ndiye kutani? Ndachepetsa mphamvu. "Limbikira!" Ndawonjezera. "Usaung'ambe!"

Akuti aneba awo a ku Denmark amawatcha nkhono, poti amapindika ngati chigoba cha nkhono. A ku Finland amawatcha khutu lowombedwa mbama. Ponena zimenezi akuyang'ana khutu langa. Mwina ndikungoganiza. Komabe ndasuntha beseni, ndaima mbali inayo ya tebulo.

Masana. Mtanda sukutupa. Ungatupe bwanji? Chifikireni Apongozi eyakoni ikuzizira ngati mochale. Apita kukagona, akuti ukatupa ndikawadzutse. Ndikuusuzumira. Uli phee. Ndikuupempherera. Uli phee.

Nzeru! Panja pali dzuwa laulere. Ndaika beseni pa khoma kuseri kwa khitchini, ndavundikira ndi kansalu. Pomwepo madamu aitana, yalla yalla, fulumira, zovala za bwana zofunika kusita.

Ndabwerera. Mayo ine! Mtanda watuluka m'beseni, wanyamula kansalu, ukutsika khoma ngati ukuthawa kwawo. Pamwamba pauma gwa. Fungo lake ngati masese ogonetsa. Ndipo pakati penipeni pali mapazi a mphaka wa aneba. Ndachotsa pa mphakapo, wotsalawo ndabwezera m'beseni, ndakadzutsa Apongozi ndi nkhope ya mwana wa kwaya.

Madzulo. Atuluka mu uvuni olimba oti n'kugendera mbalame. Apongozi aluma limodzi, atafuna nthawi yaitali, ameza movutika. "Mawa." Liwu limodzi basi. Madamu podutsa aona thireyi, amwetulira. Kumwetulira kumeneko nakonso kukundiopsa.

Chinanso: matambula atuluka m'makina akumata m'manja. Sopo wake ameneyu, ndidzawauza madamu asinthe.

Lachitatu, 1 Okotobala

M'mawa. Apongozi akutsegula makabati onse. Akufuna paketi yawo. Akuti shuga wapadera, anamunyamula m'chikwama cha m'manja kuchokera ku Sweden, wamibulu yoyera ikuluikulu, sasungunuka mu uvuni, amawaza pamwamba pa mabanzi. Popanda ameneyo tsikulo palibe. "Amaoneka ngati mchere wamiyala," akutero. "Ndinamuika pa shelefu apa."

Ambuye Yesu.

Andifunsa ngati ndinamuona. Pakamwa panga patuluka "yes madam". Andiyang'ana. Patuluka "no madam". Achotsa magalasi, andiyang'ananso.

Ndathamangira ku bini ya panja. Galimoto ya zinyalala inadutsa kale dzulo.

Zimene ndikudziwa tsopano:
Matambula aja si sopo.
Nyerere zimene zandanda kuchokera pa windo mpaka pansi pa makina si za nyengo.
Makinawo madamu amawakonda kuposa anthu ena a m'nyumba muno.

Ndatumiza voisi kwa Asiyatu, mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Twar, mu mzinda womwewuno. Wayankha akuseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, khalas, zatha basi, yambani kulongedza. Kuno wina anamubweza kwawo chifukwa chowotcha abaya, mkanjo wakuda wa madamu ake, ndi ayironi. Inu mwadyetsa makina shuga wa ku Ulaya!" Kenako wachita chifundo. Akuti ku sitolo ina yaikulu ya mipando, yogulitsanso zakudya za kwa azunguwo, shuga ameneyu amapezeka.

Masana. Ndapita ndi a Sunil, dalaivala wa pano, kukagula fulawa wina. Ndawaululira m'galimoto. Alonjeza kukayang'ana ku sitoloyo mawa akakatula bwana. Koma a Sunil ndi a ku Sri Lanka, ndiye atangomva za sinamoni nkhani ya shuga aiwala. Akuti sinamoni ndi wakwawo. Ndi khungwa la mtengo, amalisenda ndi mpeni, n'kulikulunga ngati ndudu, n'kuliyanika. Amalume awo ankagwira ntchito imeneyo mpaka zala zinapindika. Akuti Apwitikizi anabwera ndi zombo kudzalanda, Adatchi anathamangitsa Apwitikizi, Angelezi anathamangitsa Adatchi, anthu kufa chifukwa cha khungwa. "Lero akuti tsiku la Sweden? Ku Sweden kuli mtengo wa sinamoni, sista?" Ine ndingadziwe bwanji. Ine ndikufuna shuga.

Tili mu golosale, anunkhiza kabotolo ka sinamoni kamene ndagula, akwinya mphuno. Akuti ameneyu ndi msuweni chabe, wa mtengo wina. Andibweretsera weniweni.

Mwini golosale, Mwarabu, wamva, walowerera. Akuti ayi habibi, mnzanga, amene anadziwitsa dziko lonse sinamoni ndi Aarabu. Ankamunyamula pa ngamila ndi pa zombo kukagulitsa kwa azungu, osaulula kumene akumutenga. Ankawanamiza kuti kuli zimbalame zikuluzikulu zoopsa zimene zimamanga zisa ndi timitengo ta sinamoni pamwamba pa maphompho, ndiye munthu umatchera zinthuli za nyama, zimbalamezo n'kunyamula, chisa n'kulemedwa n'kugwa, iwe n'kutola timitengoto uku ukuthawa. Mtengo wake n'kukwera. Akuseka. Awonjezera kuti ku Iguputo kalekale ankakonzera mitembo ya mafumu.

Mitembo! Ndiye chinthu chimenechi chinayamba kale kuyenda ndi maliro. Ine ndine wotsatira pa mzere.

Madzulo. Phunziro lachiwiri lalephereka, Apongozi akadasakabe paketi. Afika mpaka m'chikwama cha bwana. Ine ndikupha nyerere ndi phazi mwakachetechete, uku ndikuwathandiza kusaka.

Lachinayi, 2 Okotobala

M'mawa. Apongozi apita kunyanja kukayenda, chipewa chachikulu kumutu. Geti lisanatsekeke madamu ali kale m'khitchini, avala epuloni imene sindinaionepo chibwerere. "Yalla, tili ndi nthawi yochepa."

Kwa madamu kulibe sikelo. Zonse ndi kapu. Batala ngati tikudzoza mkwatibwi. Shuga wabulauni wodzaza manja. Kadamamu? "Usayerekeze." Nawonso ali ndi mbiri yawo. Akuti anthu ochokera ku Jeremani anawoloka nyanja kalekale ndi mabanzi awo opinda ngati nkhono, atafika ku America anawakulitsa, anawafewetsa, anawapatsa moyo. "Iwo anangoyamba. Ife tinamaliza." Ndati yes madam. Lachiwiri ndinatinso yes madam kwa ena aja. Tsiku lachiweruzo ndidzayankha ziwiri.

Atuluka bwino! Ofewa, onenepa, ayisingi akuyenderera m'mbali. Madamu adya awiri ataimirira, maso atatseka. Kenako belu la pa geti. "Bisa!"

Ndibise kuti thireyi yotentha? Ndathamanga nayo kuchipinda kwanga, ndaika pansi pa bedi. Ndatsegula mawindo, ndapopera mankhwala onunkhiritsa m'nyumba. Apongozi alowa, aima pakati pa khitchini, akweza mphuno ngati mbuzi yomva mvula. "Wina waphika." Madamu akuti ndi kandulo wonunkhira. Apongozi akuti kandulo sasiya fulawa pa chigongono. Onse awiri ayang'ana ine. Ine ndayang'ana nyerere.

Masana. A Sunil abwera. Shuga uja watha ku sitolo, akuti azungu onse a kumeneko okhala mu Dubai akukonzekera Loweruka lomweli. Koma abweretsa mtolo wa sinamoni wakwawo, timitengo topyapyala, akuupereka ndi manja awiri ngati chopereka cha kutchalitchi. Kukana sindingathe. Ndipere ndi chiyani? Ndapera m'kamakina ka bwana kopera khofi. Ndapukuta bwino. Ndikuganiza kuti ndapukuta bwino.

Asiyatu akuti nditenge shuga woumba uja wothira mu tiyi wa alendo, ndimuphwanye mibulumibulu, palibe angasiyanitse. Ndatenga kamtondo kamwala, ndadzitsekera m'chipinda chochapira, ndayatsa makina ochapira kuti kusinja kusamveke. Watuluka wofanana ndithu! Ndamuthira m'kabotolo. Pokhapo mtima wakhala pansi pang'ono.

Madzulo. Ndanunkhiza kabotolo ka shuga kaja. Adyo. Kamtondo kaja ndi kosinjira adyo. Shuga woumba ndamaliza yense.

Bwana amwa khofi wawo, ayang'ana m'kapu, afunsa ngati m'nyumba muno muli chinthu chimodzi chokha chosanunkha sinamoni. Akuti mawa ali ndi ntchito yambiri, abwera mochedwa. Mwamuna amadziwa pothawira.

Nyerere zapeza pansi pa bedi langa. Ndadya mabanzi atatu kuti umboni uchepe.

Lachisanu, 3 Okotobala

M'mawa. Makina otsukira mbale aima. Akungolira piii, piii, ngati akuitana apolisi. Madamu aimbira mekaniki, kenako atuluka kukagula maluwa a mawa. M'nyumba tatsala ine ndi Apongozi.

Mekaniki wafika, bambo wa ku Pakistan wa ndevu zofiirira. Wagwada, watsegula pothira mchere. Nyerere zatuluka ngati anthu otuluka mu sitediyamu. Wapisa chala, chatuluka ndi zomata ngati uchi. Wanunkhiza. Walawa! Munthu wamkulu kulawa za m'makina! "Uyu ndi shuga, madamu. Ndani wathira shuga muno?"

Ndagwidwa.

Apongozi ayandikira, awerama, ayang'ana m'kabowomo nthawi yaitali ngati akuona nkhope ya malemu. Aweramuka. Ayang'ana ine. Ndaphimba khutu ndi dzanja ndisanaganize n'komwe.

"Tsukani makinawo," auza mekaniki. Basi. Akwera m'mwamba.

Osakalipa! Osafunsa! Munthu wokalipa umadziwa kuti zathera pomwepo. Koma wachete? Akusunga. Akudikira alendo adzadze mawa kuti adzanene pagulu.

Masana. Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Zolongedza:
Zitenje.
Nsapato za Chisomo zimene ndinamugulira pa selo.
Mafuta onunkhira a mayi.
Mawu okanena kumudzi. Amenewa sindinawapeze. "Ndabwera chifukwa cha banzi"? Adzandiseka mpaka ku chigayo.

Madamu abwera, afunsa kuti makina anavuta chiyani. Ndatsegula pakamwa. Apongozi ali pa masitepe ayankha: "Anatsekeka. Atseguka." Madamu akhutira. Ine ndiye mantha awirikiza. Andibisira chifukwa chiyani? Nkhuku yoti aiphe pa Khirisimasi amaipatsa chimanga chambiri.

Madzulo. Mitanda iwiri yokanda, kuti igone m'furiji. Wa Apongozi ndakanda iwo ali pa mpando wawo. Wa madamu ndakanda Apongozi ali m'bafa, ndaubisa m'munsi, kuseri kwa kabichi. Mapewa akuwawa ngati ndalima dimba lonse.

Ndalimba mtima, ndawaonetsa Apongozi kabotolo ka shuga wosinja. Atsegula, anunkhiza, atseka. Nsidze imodzi yakwera. "Tiona mawa."

Asiyatu akuti akundipempherera, inshallah zikhala bwino, koma ngati ndikupita ndimusiyire ketulo yanga yamagetsi.

Loweruka, 4 Okotobala

M'mawa. Tsiku la mabanzi. Apongozi atsika atavala bulauzi yoyera, atsegula furiji kufuna mkaka, asuntha kabichi. Apeza mtanda wachiwiri. Madamu ali pakhomo la khitchini, manja m'chiuno. "Ndi khitchini yanga." Apongozi: "Ndi tsiku langa." Bwana atenga makiyi, akuti akukagula ayezi. M'furiji muli ayezi wodzaza.

Ndikupinda mabanzi mbali ziwiri za tebulo. Kumanja ang'onoang'ono, omanga mfundo. Kumanzere aakulu ngati nkhata. Sinamoni wa a Sunil ndathira konse, poti wa m'botolo anathera m'maphunziro. Apongozi akuti sakumveka. Madamu akuti sakumveka. Koyamba kugwirizana sabata yonse, ndipo agwirizana pa ine.

Uvuni ndi umodzi. Nthawi yatha. Mathireyi onse awiri alowa limodzi, a Apongozi pamwamba, a madamu pansi. A Apongozi amafuna moto waukulu, nthawi yochepa. A madamu amafuna moto wochepa, nthawi yaitali. Apongozi akweza moto, apita kukayala tebulo. Madamu alowa, atsitsa, apita kukaika maluwa. Apongozi abwera, akweza. Madamu, atsitsa. Aliyense potuluka akundiuza kuti, "Wina asagwirepo." Ine ndaima pambali ndi kansalu m'manja ngati mboni ya ngozi ya pamsewu. Akuluakulu ananena, mapanga awiri avumbwitsa.

Womaliza kugwira ndi Apongozi. Apotokola mpaka kumapeto.

Utsi! Alamu ya padenga yayamba kukuwa. Ndatsegula uvuni. A pamwamba akuda bii, shuga wanga wosinja wasungunuka n'kupserera, khitchini yonse fungo la adyo wowotcha. A pansi kunja apsa, m'kati phala. Mwaphuma ndatenga mbale ya ayisingi kuti ndiphimbe manyazi, ndakhuthulira pa thireyi yoyandikira. Ya Apongozi! Ayisingi wa ku America pa mabanzi a ku Sweden, pamaso pa eni ake!

Ndatseka maso kudikira mbama.

Sinabwere. Madamu ndi Apongozi ayambana okhaokha. Poyamba za moto wa uvuni. Kenako za nsapato m'nyumba. Kenako zatulukira zenizeni. Apongozi akuti chimwalirireni amuna awo, mwana wawo sanapiteko kwawo pa Khirisimasi ngakhale kamodzi, amadya okha pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, tsiku la mabanzi amaphika n'kugawira aneba poti m'nyumba mulibe wodya. Madamu akuti chikwatiwireni sanamvepo liwu limodzi lowayamikira, chilichonse amachita chimapimidwa ndi chala ngati fumbi. Apongozi akhala pa mpando wawo wautali, akulira opanda phokoso, magalasi ali m'manja. Madamu akulira mwaphokoso. Alamu nayo ikulira. Ine ndakwera pa tebulo, ndikuikupiza ndi thireyi kuti ikhale chete, nanenso misozi ikutsika, ya utsi ndi ya viza.

Bwana alowa ndi thumba la ayezi. Ayang'ana. Atulutsa foni.

Masana. Njinga yamoto yaima ku geti la kuseri ndi mabokosi a ku bekale. Mitundu iwiri, ang'onoang'ono a shuga wamibulu ndi aakulu a ayisingi. Madamu ndi Apongozi akuyala limodzi m'mbale za m'nyumba, maso ofiira, osalankhulana koma akupatsirana mbale. Mabokosi andipatsa ine kuti ndikawapondereze pansi penipeni pa bini.

Alendo adzadza. Akudya, akuyamikira. Mayi wina akuti zophika pakhomo zimadziwika, za ku bekale sizingafike apa. Apongozi agwedeza mutu kamodzi. Madamu akuti, "Ndi manja a apongozi anga." Apongozi akuti, "Aakuluwa ndi a mpongozi wanga. Ndi otsekemera kwambiri, koma anthu akudya." Madamu atsala pang'ono kugwetsa kapu. Kumeneko kwa Apongozi ndiye kuyamikira kothera.

Ine ndikuzungulira ndi khofi, ndikudikira nthawi yoti nkhani ya makina ituluke. Mayi uja wandigwira mkono, akufuna ndimuuze kaphikidwe kake. Ndati yes madam, ndathawira kukhitchini.

A Sunil alawa limodzi la ku bekale kuseri, alavula. "Msuweni uja," akutero. Akhumudwa ndi ine ngati ndagulitsa dziko lawo.

Madzulo. Alendo apita. Nkhani sinatuluke. Ndikutsuka mbale, ndi manja, makina sindikuwayandikira. Apongozi alowa, aima pambali panga. Akuti chaka choyamba cha ukwati wawo anaphikira apongozi awo mabanzi othira mchere m'malo mwa shuga, thireyi yonse, ndipo mayiwo anadya limodzi lonse osanena kanthu, n'kudzawakumbutsa chaka chilichonse mpaka kumwalira. "Ine sindidzakukumbutsa," akutero. Aganiza pang'ono. "Kawirikawiri."

Lamulungu, 5 Okotobala

Tsiku langa lopuma. Kutchalitchi sindinapite, mikono sikukwera, ndingalephere ngakhale kuombera m'manja.

Madamu agogoda. Kontrakiti akuti tisayina mawa, zaka zina ziwiri. Ndati shukran, thank you madam, zikomo, zilankhulo zonse zatuluka nthawi imodzi. Ndakhala pa bedi. Ndamutumizira Chisomo uthenga kuti alimbikire sukulu. Wayankha kuti ndimutumizire chithunzi cha mabanzi amene ndaphika. Ndamutumizira a ku bekale.

Kenako madamu anena zotsala. Amene wandinenerera kuti ndikhale ndi Apongozi. Akuti manja ndili nawo, chosowa ndi mwambo, ndipo mwambo suphunzirika sabata imodzi. Ndiye tikiti yawo asintha. Sakupita Lachitatu. Akhala mpaka Khirisimasi, adzadyere konkuno ndi mwana wawo. Madamu ponena zimenezi akumwetulira ndi mano okha.

Mpaka Khirisimasi! Mpando wautali uja, m'mawa uliwonse!

Sutikesi ndabwezera pamwamba pa kabati. Asiyatu akuti mabruk, mafuno abwino, koma za ketulo wadandaula. M'furiji muli mabanzi opserera odzaza beseni, Apongozi akuti chakudya sichitayidwa, kwawo anaona kusowa kwa nthawi ya nkhondo. Ndikupala chakuda ndi mpeni, ndikuviika mu tiyi. Ukazolowera adyo, amadyeka.

Pabalaza ayambapo kale. Ndikumva kudzera pa khoma. Apongozi akuti mu Disembala kwawo kuli tsiku lina, la mabanzi achikasu opinda ngati mchira wa mphaka, ophika kusanache, ndipo ndiyenera kuyamba kuphunzira msanga. Madamu akuti Disembala adikire, Novembala ndi wawo, kwawo kuli tsiku lothokoza, lophika nkhukundembo yathunthu ndi chitumbuwa cha maungu. Andiitana kuti andifunse ngati maungu ndimawadziwa.

Ine, mwana wa ku Ntcheu, wokulira m'munda wa maungu.

Ndati no madam. Kuno ukangovomera kuti chinthu ukuchidziwa, chimakhala ndi tsiku lake.